Ndinakhoza Mayeso a Kusalira

Ndinaganiza zochoka nditagwira ntchito ya uzamba zaka zingapo pa Ntcheu, malipiro akumatha mwezi usanafike pakati. Mnzanga anandipezera malo ku Mangalande, ku nyumba yosungirako okalamba. Amayi ku Biriwiri anangoti, "Ndiye kumeneko ukabereketsa ndani, nkhalambazo?" Ndinaseka nawo, koma pasipoti inali kale m'chikwama.

Ku koleji tinali ndi phunziro lina limene tonse tinkalipeputsa. Aphunzitsi ankagoneka mnzathu pabedi ngati mayi amene mwana wake wafera m'mimba, iwe n'kulowa kukamuuza. Ankachonga chilichonse: kukhala pansi osati kuimirira, kugwira dzanja, kutsitsa mawu, kusalira. Ine ndinkakhoza kuposa onse. Aphunzitsiwo ankati luso limeneli tidzapita nalo kulikonse, ndipo sananame. Ku Mangalande sindinagwirepo khanda, koma nkhalamba ikayamba kutsirizika ankaitana ine. Ndinkakhala pambali pa bedi nditaigwira dzanja mpaka mpweya utatha, kenako n'kusamba m'manja, n'kukamwa tiyi. Ndalama ndinkatumiza, nyumba ya amayi inafoleredwa malata. Sabata inkatha osalankhula Chichewa ndi munthu, koma ndikati zinkandiwawa ndinganame. Sindinkamva kanthu.

Kenako Esinati, mng'ono wanga, anaima. Pa foni ankangobwereza mawu amodzi: "Achemwali, mudzakhalepo. Kuchipatala ndimaopa ndekha." Tchuthi chinatuluka mochedwa. Ndinafika mwana atabadwa wakufa, amayi akuluakulu atamuika kale monga amachitira ndi mtayo, popanda amuna, popanda nyimbo. Amayiwo anamuuza Esinati kuti asalire, angatseke njira ya ana ena.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusankha mbatata ya kachewere. Ndinakhala pansi kuti maso athu alingane, ndinamugwira dzanja, n'kunena motsitsa mawu, "Ndamva zimene zachitika. Ndili nawe pano. Ungandiuze mmene ukumvera?"

Anayang'ana dzanja langalo kwa nthawi yaitali, kenako analichotsa pang'onopang'ono n'kuliika pa bondo langa.

"Nesi wa kuchipatala anandiuzanso zomwezo," anatero. "Mawu omwewo, kagwiridwe komweko. Anachita bwino, sindikumudandaula. Koma pamudzi pano andiletsa kulira, achemwali. Ndimati mukabwera inu, mudzandilirira."

Ndinayesa. Ndinakhala pomwepo kudikira misozi, ndikuganiza za mwanayo, za nkhope yake imene sindinaione. Maso anga anali ouma gwa, msana uli chilili ngati pali wina akundichonga. Esinati anandiyang'ana, anadikira, kenako anabwerera ku mbatata zake.

Azamba kwathu analipo, ndipo ntchito yawo anaigwira. Amene Esinati ankamudikira ndi mkulu wake, ndipo ameneyo sindikudziwa kumene ndinamusiya.