Tsiku limene akapitawo anadulira minda pa seva

Chaka chimene esiteti yathu inasiya kulemba m'makope, mapulogalamu onse anawaika pa seva, kompyuta yaikulu imene ili kutali, kumene sindinafikeko mpaka lero. Pulogalamu ya kukiliniki, ya kufakitale, ya mndandanda wa minda yothyola tiyi, zonse m'menemo. Ine, kalaliki wa miyezi iwiri yokha, anandipatsa ntchito yogawa makiyi: uyu azingoona, uyu azilemba, uyu azitha kufufuta.

Koma ine ndi ulemu wangawu! Nditafika pa dzina la akapitawo aakulu, bambo amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe, dzanja linakana. Ndiwapatse kiyi yongoonera ngati mwana? Aa, ayi. Ndinawatsegulira zonse, ndi za kukiliniki zomwe.

Lolemba lina m'mawa, minda isanu ndi umodzi inasowa pa mndandanda. Othyola ali chilili panja, madengu kumsana, kudikira kuuzidwa kolowera. Mwayi wake seva imasunga zadzulo, ndiye ndinaibweza msangamsanga, thukuta lili kamukamu. Imasunganso dzina la wofufuta, ndipo linali la akapitawo. Amanijala ataliona sanachulutse mawu: pofika masana makiyi owonjezera a akapitawo akhale atachoka, apo ayi ndichoke ndine.

Ndinawapeza kumunda wa cha kunjira ya Khwethemule, akuyang'anira odulira. Munthu wamkulu umamulanda bwanji chimene unamupatsa wekha?

"Bambo, pepani, minda ija munaifufutiranji?"

"Kufufuta? Ndinaidulira, mwanangu. Inali itadzaza zolemba zakalekale. Tiyi tikamudula amaphukanso bwino, ndiye ndimati nayonso idzaphuka yatsopano."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, koma zinakanika. Nawonso anayamba, kenako anandiyang'ana bwinobwino.

"Koma sunabwerere zimenezo iwe. Nena."

Ndinayankha, maso pansi. "Amanijala akuti pofika masana ndichepetse makiyi anu. Muzingoona minda basi."

"Ambuye alemekezeke!" Anavula chipewa n'kuchimenya pa bondo. "Chotsa, chotsa zonse! Masabata atatu foni iyi ndakhala ndikuiopa ngati njoka. Tsiku lina ndinadina molakwika, n'kuona matenda a anthu amene ndimapemphera nawo. Maso anga alibe nazo ntchito zimenezo."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unandipatsa mwaulemu. Ndikanabweza, si ukanachita manyazi?"

Abale inu! Masabata atatu athunthu, ine kuopa kuwachepetsa, iwo kuopa kundichititsa manyazi. Chimwemwe chinandigwira mpaka misozi. Tinaseka mokuti odulira anaimika mipeni n'kutukula mitu.

Ndinatulutsa foni yanga pomwepo pakati pa tiyi. Akapitawo anasendera pafupi, n'kumaloza ndi chala chawo chokhakhalacho: iyi chotsa, iyinso chotsa. Itatsala kiyi imodzi yoonera minda, anapuma mozama, anavala chipewa, n'kundiuza kuti ndithamange masana asanakwane.