Galu wa adada ndi mchenga wa ku Machinjiri

Galu wa adada anadwalira m'nyumba mwanga, m'chipinda chomwe lero muli masofa. Nthawi imeneyo nyumbayo inali makoma ndi malata basi, pansi pali dothi ndi mulu wa mchenga. Ku Machinjiri timamanga choncho: chaka chino maziko, chaka chamawa njerwa, kenako malata, mwini wake akuchitabe lendi kwina. Ine ndinkachita lendi ku Naperi.

Mantha anayamba titaika mafelemu a mawindo. Pa nyumba ya kumtunda kwathu akuba anali atagumula khoma n'kuzula mafelemu onse. Ndinakawafotokozera adada ku Chilomoni. Kwathu ndi ku Rumphi, ndipo ngakhale tinabadwira mu Blantyre, bambo timawatchulabe choncho. Anamvetsera, kenako anayang'ana galu wawo amene anagona pafupi ndi mpando wawo.

"Mutengeni uyu, mama. Akauwa, mtunda wonse umamva."

Sindinayenere kuvomera. Adada anali atadwalapo sitiroko, mwendo wamanzere n'kutsala wolemera, ndipo adokotala anawalamula kuti aziyenda tsiku lililonse. Amene ankawayendetsa anali galuyu. M'mawa ankakanda chitseko mpaka adada atatenga ndodo, n'kutsetsereka limodzi kukafika kumsika, kubwerera dzuwa lisanawawe. Zonsezi ndinkazidziwa.

"Mwezi umodzi wokha, adada. Tikangoika zitseko ndimubweza."

Zitsekozo zinachedwa, ndipo galu anakhala kumeneko chilimwe chonse.

Malo omumangirira ndinasankha ndekha, ndipo ndinkaona ngati ndamuchitira chifundo. Panja dzuwa linkaswa mtengo, koma m'chipinda chochezera munali mthunzi, mvula sinkalowa, mchenga unali wofewa. Ndinamanga tcheni pa felemu, galu anafukula kadzenje pamchengapo n'kugona.

Matekenya safuna china koposa malo otere. Thekenya ndi kanthata kakang'ono, kovuta kukaona ndi maso. Lalikazi limaboola khungu, kawirikawiri kuphazi, n'kukhala momwemo likuyamwa magazi mpaka kutupa ngati njere ya nandolo. Mazira ake amagwera pansi, ndipo amaswa bwino m'dothi louma, lamthunzi, losapondedwa ndi mvula. Galu womangidwa pamalo amodzi amadzidzalira yekha matekenya: omwe ali m'mapazi mwake amathira mazira pomwe wagona, ana awo n'kudzalowanso mwa iye. Sindikudziwa ngati oyambawo anabwera ndi mchenga wa pa lole kapena ndi agalu oyendayenda amene ankagona m'nyumbamo tisanabwere. Chomwe ndikudziwa n'chakuti tcheni chinali chachifupi.

Pa sabata ndinkapitako Loweruka lokha, nditanyamula mgaiwa ndi bonya. Masiku enawo ankamudyetsa ndi amisiri omwe ankapaka pulasitala, bambo wa ku Bangwe wodziwa ntchito yake, amenenso anali ndi yankho pa chilichonse. Loweruka lina ndinapeza galu akunyambita mapazi osalekeza, akudziluma pakati pa zala.

"Ndi nthata izo, madamu," anatero amisiri. "Oilo wakuda wa galimoto, basi. Wanga kunyumba ndimamupaka yemweyo, mpaka ubweya umawala."

Anakatenga oilo m'kabotolo kwa makaniko wa pamsewu. Iwo ankapaka ndi kansanza, ine nditagwira mutu wa galu, nditaupanikiza pa bondo langa kuti asawalume. Analira kulira kwina kwake, kwapansipansi, maso ali pa ine. Mapaziwo sindinawatembenuze kuti ndione kunsi. Ndinkasamala siketi yanga.

Madzulo ake adada anaimba foni.

"Mlonda wanu akugwira ntchito?"

"Kwambiri, adada. Wanenepa."

Amama ndi amene anandiuza, ulendo wina tili kukhitchini, kuti adada anasiya kuyenda. Ankati mawa, mawa, n'kukhala pakhonde ndi wailesi. Ndinayankha kuti zitseko zatsala pang'ono.

Oilo anabisa zonse kwa kanthawi, chifukwa mapazi akuda saoneka mabala. Kenako linafika Loweruka lomwe galu sanadzuke pondiona. Anangomenya mchira pamchenga. Ndinagwada n'kutembenuza phazi lakutsogolo. Kunsi kwake kunali timatuza toyera tothithikana, kalikonse ndi kadontho kakuda pakati, mpaka m'mbali mwa zikhadabo. Pena panali mafinya. Chikhadabo china chinali chitazuka. Mapazi onse anayi anali choncho, ndipo fungo lake ndimalikumbukirabe.

Woyendetsa takisi anavomera kumunyamula nditayala matumba a simenti pampando. Avetenale, dokotala wa ziweto, omwe tinawapeza anali mayi wachitsikana, wolankhula mwachangu. Ananunkhiza phazi limodzi n'kundiyang'ana.

"Mwamupaka chiyani?"

"Oilo."

"Ndi Corolla ameneyu, amayi?"

Sindinaseke, iwonso sanadikire kuti ndiseke. Anatsuka mapaziwo ndi madzi ofunda ndi sopo mpaka kukuda kutachoka. Ndinafunsa ngati tiwatumbule ndi singano, monga momwe anthu amachotsera matekenya kuphazi kwa mwana. Anapukusa mutu: anali ochuluka kwambiri, ndipo bowo lililonse likanakhala bala latsopano. Anati pali piritsi lomwe galu amatafuna. Mankhwala ake amalowa m'magazi, thekenya likayamwa limafera momwemo, kenako limauma n'kugwa lokha khungu likamapola. Mphamvu yake imakhala m'thupi miyezi ingapo, kotero kuti atsopano akalowa nawonso amafa asanaikire mazira. Mlingo umatengera kulemera kwa galu. Poti sakanatha kuima, ndinakwera pasikelo nditamunyamula, kenako ndekha. Anali wopepuka kuposa momwe ndinawauzira adada.

Anamubaya jakisoni wa mabala aja n'kundipatsa piritsilo, lofiirira, lonunkhira ngati nyama youma.

"Amwe ndi chakudya, lero lomwe. Ndipo asabwerere pamchenga paja. Agone pa simenti, muzisesa ndi kuthira madzi. Kuli simenti komwe mukukhala?"

Simenti inalipo, koma alandilodi anga ku Naperi sankalola ngakhale mphaka. Ndinayesa kumupatsa piritsilo panja kwa avetenale komweko, nditalikulunga m'chidutswa cha soseji chomwe ndinagula pa okala. Galu ananunkhiza dzanja langa n'kutembenuzira mutu kukhoma. Ndinayesanso. Anatseka kukamwa. Dzanja limenelo ndi lomwe linamupanikiza pa bondo tsiku la oilo.

M'takisi muja ndinaganiza zambiri: kumusiya kwa mnzanga wina mpaka atachira, kumutsegula kukamwa mokakamiza, kudzamubweza kwa adada ali bwino ngati palibe chinachitika. Koma mnzangayo pabwalo pake panali dothi, ndipo ndinalibe mtima womugwiranso mutu galu ameneyu. Ndinauza dalaivala kuti tipite ku Chilomoni.

Adada anali pakhonde. Anandiona ndikutsika nditanyamula galu m'manja ngati mbuzi yogula, ndipo anazimitsa wailesi. Kudzuka pampando kunawatengera nthawi kuposa kale. Ndinaona zimenezo ndisanafike pamasitepe. Galuyo ndinamugoneka pa simenti pafupi ndi mapazi awo. Anawerama, natenga phazi limodzi, naliyang'ana nthawi yaitali, kenako lina.

"Matekenya," anatero. "Ndinawaona komaliza ndili mwana wasukulu."

Ndinayamba kufotokoza za mchenga, za mthunzi, za amisiri. Anandidula.

"Mankhwala alipo?"

Ndinawapatsa piritsi lija. Anaitana amama kuti abweretse usipa wotsala masana, naphwanya piritsilo pakati, nalisakaniza ndi usipawo m'dzanja mwawo, n'kulankhula ndi galu m'Chitumbuka, motsitsa mawu, monga ankachitira nafe tikadwala malungo. Galu anadya zonse, n'kunyambita chikhatho.

"Wanenepadi," anatero adada, osandiyang'ana.

Sanadzanenenso china pa nkhaniyi, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikanakonda akanandikalipira.

Piritsilo linagwira ntchito monga avetenale ananenera. Pamasiku ochepa timatuza toyera tija tinada n'kufota. Amama ankasesa khonde m'mawa uliwonse n'kuthirapo madzi otentha, adada n'kumaviika mapazi a galu m'beseni la madzi amchere, atakhala pakampando kakafupi komwe kudzukapo ankafuna munthu wowakoka. Ku Machinjiri ndinasiya za zitseko n'kuyamba ndi pansi. Mchenga wotsalawo tinausakaniza ndi simenti, chipinda chonse n'kuchiwaka. Amisiri anadandaula kuti ndasokoneza dongosolo la ntchito, nanenanso kuti oiloyo akanagwira tikanabwereza kupaka.

Mvula yoyamba itagwa, galu anayambanso kukanda chitseko. Zikhadabo ziwiri za phazi lakutsogolo sizinamerenso, ndipo mpaka pano amaliponda mosamala pamiyala. Chimenecho n'chochepa. Chachikulu ndi mwendo wa adada. Miyezi ija yokhala pakhonde inauumitsa, ndipo a kuchipatala anati mphamvu zina zibwerera ndi masewera olimbitsa thupi, zina ayi. Kumsika safikakonso. Amalekezera pa golosale ya pakona, n'kukhala pabenchi pang'ono, n'kubwerera.

Loweruka, m'malo mopita ku Machinjiri ndi mgaiwa, ndinayamba kupita ku Chilomoni kukayenda nawo. Ndimapitabe ngakhale ndinasamukira m'nyumba yanga, momwe mafelemu onse alimo, palibe limodzi lomwe linabedwa. Timayenda atatu, galu patsogolo, adada pakati ndi ndodo, ine pambuyo. Galuyo amandilola kumusisita kumsana, koma ndikafikitsa dzanja kumutu amapatuka.

Ulendo wina tikupuma pabenchi paja, mwini golosale anafunsa chifukwa chomwe adada sakutsikiranso kumsika monga kale. Ndinayang'ana pansi, kudikira.

"Ndi uyu," anatero adada, akuloza galu ndi ndodo. "Mapazi ake sakufuna mtunda wautali. Ine ndimangomumvera chisoni."

Mwini golosale anaseka. Adada anagwira phewa langa kuti adzuke, ndipo tinayamba kukwera kamtunda kobwerera kunyumba, pang'onopang'ono, galu akuima patsogolo kutidikira.