Tsiku Limene Tinatulutsa Kompyuta Panja

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga wa kabaza. Ndinali nditamaliza kosi ya makompyuta ku Zomba, ndikungokhala pakhomo n'kumapirikitsa mbalame mumpunga wa mayi. Tsiku lina mlamuyo ananyamula a Matiki, eni ake kasitudiyo kojambulira nyimbo pafupi ndi msika wa Domasi, n'kuwamva akudandaula kuti kompyuta yawo yatsopano ikulira ngati chigayo. Iye n'kuwauza kuti kunyumba kuli katswiri. Katswiri wake ine! Chibadwire ndinali ndisanakonzepo kompyuta ya munthu.

A Matiki anandilandira ndi lamulo limodzi. Anandilozera kapepala komata pa kamsomali kakumbuyo kwa kompyutayo n'kunena kuti, "Aka mukang'amba, kusitolo sakailandiranso ikawonongeka. Chitani zonse, koma osatsegula."

Ndinayamba ndi zakunja. Pulasitiki yakufakitale inali ikadali pomwepo, itatseka timabowo tolowera mpweya. Bwanawo ankaisunga kuti chinthu chizioneka chatsopano. Ndinaimatula iwo akuyang'ana kumbali. Kenako ndinalowa mu Bayosi, momwe mumakhala malamulo oyendetsera zamkati, n'kuchepetsa liwiro la fani yoziziritsa kompyutayo. Pansi pa bokosi la kompyutalo ndinayala zidutswa za patapata wakale kuti thebulo lisamanjenjemere. Phokoso linatsika, ine n'kuyamba kudzimva.

Ndiye linafika tsiku la kwaya ya amayi a mpingo wina wakumtunda kwa chigwa. Wotsogolera nyimbo, mayi Likoswe, anali ndi chotupa pakhosi, ndipo mawa lake ankapita kukagonekedwa kuchipatala kuti akawachite opaleshoni. Adokotala anali atawauza mosabisa kuti mawu awo oimbira mwina sadzabwereranso. Anzawo anasiya makasu n'kubwera wapansi kuti mawuwo ajambulidwe akadalipo.

Unali mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Situdiyoyo inali kachipinda kokhomedwa matireyi a mazira ndi matiresi m'makoma monse, kopanda polowera mphepo. Amayi atadzazamo n'kutseka chitseko, munasanduka uvuni. Nyimbo yoyamba isanafike pakati, fani inadzuka n'kuyamba kubangula. Nditavala mahedifoni mtima unangoti myuu: mayi Likoswe ankamveka ngati akuimbira pambali pa injini ya minibasi.

Tinaimitsa, kudikira kuti izizire, kuyambanso. Chimodzimodzi. Kachitatu mayi Likoswe anagwira pakhosi n'kukhala pansi. "Mwanawe, mphamvu zatsala pang'ono," anandiuza motsitsa mawu. "Ndiimbanso kamodzi kokha, basi."

"Tangoizimitsani faniyo!" a Matiki anakalipa, thukuta lili kamukamu. Ndinawaonetsa pa sikirini mmene pulosesa, ubongo wa kompyutayo, inatenthera. Fani ikaima, kompyuta izima yokha nyimbo ili mkati, mwinanso kupsa kumene.

"Bwana, tiitulutse panja," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Chinthu chatsopano, panja, pafupi ndi msika? Komanso kuphiri la Zomba kunali kutada bii, mvula yoyamba ikubwera. Koma atatembenuka n'kuona mayi Likoswe atagwirabe pakhosi, anangopukusa mutu n'kukachotsa okha matiresi yomwe inatseka zenera.

Thebulo tinalikankhira pazenerapo. Sikirini, kiyibodi ndi kabokosi kolumikizira maikolofoni zinatsala mkati. Mawaya tinawadutsitsa pampata n'kutsekapo ndi bulangete. Bokosi lenilenilo ndinaliika pampando panja, kumthunzi. A Matiki anakhala pa mabatani, ine n'kutsala kunja ndi ambulera ya mayi wina wa kwaya.

Mphepo yakuphiri italiwomba bokosilo, fani inatsika yokha mpaka kumangong'ung'udza. Ndinagogoda pakhoma kuti ayambe. Nyimboyo ine sindinaimve bwino, ndinkangomva mapazi akugunda pansi, maso anga ali kuphiri. Mvula ndinkaiona ikutsika m'minda, yoyera mbee, ikudza kumene tinali. Ndinkadziwa kuti ikangofika pamalata ndiye kuti zatha, chifukwa phokoso limenelo palibe akanalichotsa. Fumbi linkandilowa m'maso, ambulera ikufuna kuuluka, ine nditawerama pamwamba pa bokosi ngati nkhuku yofungatira. Nyimbo ija inatalika bwanji, abale!

Madontho oyamba atangondimenya kumsana, ndinamva a Matiki akukuwa mkatimo: "Yalowa! Ndaseva, zulani!" Ndinazula mawaya n'kuthamanga nalo bokosilo pachifuwa. Ndikulowa pakhomo, malata anayamba kusokosa moti sitinkamvananso.

Sabata yotsatira tinaboola khoma n'kusamutsira kompyutayo m'kachipinda kosungiramo katundu, komwe kunkalowa mphepo. Mpaka lero, munthu akandibweretsera kompyuta yaphokoso, ndisanagwire sikuludiraiva ndimayamba ndamufunsa kuti amaiika pati, nanga ikupuma mpweya wotani. Nthawi zambiri fani siikhala yolakwa, imangodandaula kutentha.

Mayi Likoswe anabweranso mpunga utacha, ali ndi chipsera pakhosi. Mawu awo anali manong'onong'o okhaokha, moti ndinachita kuwerama kuti ndiwamve. Ndinawaveka mahedifoni n'kutsegula nyimbo yawo. Anatsinzina, milomo ikuyenda popanda chotuluka, misozi ikutsika mpaka m'chibwano. Ine ndinayang'ana kumbali. Itatha, anandigwira pamkono.

"Mwanawe, bwezanso."