Galimoto Inagwera Ntchafu, Koma Zinadwala ndi Impso

Mu Chawama monse, komboni yathu ino, kuyambira ku msika mpaka kumene mseu wa tala umathera, palibe munthu amene amadziwa kulemera kwa galimoto kuposa ine. Ndikunena izi mosadzitama. Ndinaphunzirako za makina ku koleji chaka chimodzi ndi miyezi inayi, ndipo mpaka lero anzanga a pa siteshoni ya matakisi amanditcha Injiniya. Koma kulemera kumene ndikunenaku sindinakuwerenge m'buku ayi. Ndinakuyeza ndi ntchafu yanga yakumanzere, kwa maola awiri, nditagona chagada m'matope kuseri kwa nyumba ya lendi. Mutu wa chitetezo cha m'garaja ankaphunzitsa chaka chachitatu. Ine pamenepo n'kuti nditachoka kale.

Linali Lamlungu, mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu otsatizana. Kagalimoto kanga kakale, kamene ndimanyamulira anthu ndi katundu wawo kuchokera ku msika, kankagogoda kutsogolo mbali ya kumanzere. Mkazi wanga, Bana Mphatso, anapita kutchalitchi ndi mwana wathu Mphatso. Ine ndinatsala kuti ndisinthe kachitsulo kamene kamagwira tayala kunsi.

Ndinakweza galimoto ndi jeke monga mwa masiku onse. Masitandi, zitsulo zija za miyendo zimene amakhazikapo galimoto ikakwezedwa, ndinalibe. Koma pabwalo pathu pali mulu wa mabuloko a eni nyumba, Ba Mulenga, amene akhala akudikira kumangira mpanda kuyambira kalekale. Ndinatengapo awiri n'kuwasanjikiza kunsi kwa galimoto, mabowo ake atayang'ana kumbali, chifukwa akagona choncho pamwamba pake pamaoneka posalala bwino. Kenako ndinachotsa jeke kuti ndikankhire nayo chitsulo chimene chinkakana kutuluka. Tayala limene ndinamasula ndinalitsamiritsa kukhoma, m'malo moligoneka pansi pa galimoto. Ndinakhala pansi, miyendo n'kulowetsa kunsi, n'kuyamba kumenya ndi hamala.

Buloko silichenjeza. Thabwa limayamba lalira, chitsulo chimayamba chapindika. Buloko la m'komboni, loumbidwa ndi simenti yongonunkhiza, limangoti phwa! Galimoto inatsika n'kukhala pantchafu panga. Fupa silinathyoke chifukwa kulemera kwina kunatsamira pa zibenthu za mabulokowo ndi pa chitsulo cha mabuleki chimene chinazika m'dothi. Koma mwendo unapanidwa, osatheka kuusuntha. Foni inali pampando m'galimoto momwemo. Ndinakuwa. Kuseri kwa nyumba yathu kuli tchalitchi cha zokuzira mawu zinayi, ndipo kukuwa kwanga kunangolowa m'mapemphero a anthu ena.

Anandipeza ndi Ba Mulenga pobwera ku misa. Iwo anayendetsa mabasi zaka zambiri asanapume pantchito, ndipo sanataye nthawi ndi mafunso. Anathamangira m'nyumba, anabwera ndi jeke yawo ya botolo ndi thabwa lochindikala loika pansi pake, anakweza galimoto n'kundikoka m'khwapa. Atapuma ndi pamene analankhula.

"Iwe Injiniya, mabuloko aya ni yomangila, si yonyamulila motoka. Tiye ku kiliniki manje manje."

"Awe, ba landilodi, nili chabe bwino," ndinatero. "Onani, naimilila."

Ndinaimiriradi. Ndinapondanso pang'ono. Magazi sanatuluke paliponse. Kwathu kuno munthu amene sanathyoke ndiponso sakutuluka magazi timati sanavulale, wangopunthwa.

Lolemba m'mawa ntchafu inali itatupa, yolimba ngati chipika, khungu litada. Bana Mphatso anandithowa ndi nsalu ya madzi otentha asanapite kuntchito, ndipo ndinawatuma kuti andigulire mapilisi a ululu pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa njira. Ndinkamwa awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo, nthawi zambiri m'mimba mulibe kanthu.

Cholakwa chachikulu ndinachichita tsiku lomwelo, ndipo ndinachichita nditaganiza bwinobwino. Pa pulotipo pali chimbudzi chimodzi chokumba cha mabanja asanu, kumapeto kwenikweni kwa bwalo, ndipo nthawi ya mvula umafikako podumphadumpha pamiyala. Ulendo woyamba ndinautha ndikulira misozi. Pobwerera ndinakhala pampando n'kuiona nkhaniyo monga munthu wophunzira: madzi akapanda kulowa, sadzafuna kutuluka. Ndinasiya kumwa madzi. Tiyi ndinamukana. Mapilisi ndinkawameza ndi kamadzi kongonyowetsa pakhosi.

Lachiwiri ndinapita kuchimbudzi kamodzi kokha, ndipo ndinadziyamikira kuti nzeru yanga yagwira ntchito. Lachitatu ndinayamba nseru ndi ntchidwi zosatha. M'kamwa munkawawa ngati ndatafuna waya. Zikope zinatupa. Chimbudzi chokumba chili ndi khalidwe lakuti chimasunga chinsinsi: chimene wataya sumachiona. Choncho masiku atatu onsewo sindinadziwe mtundu wa chimene chinkatuluka m'thupi langa.

Lachinayi m'mawa ndinalephera kufika ngakhale pakhomo. Bana Mphatso anandipatsa kandowa koyera kamene kale munali penti. Munatuluka timadontho tosakwana kapu yaing'ono, takuda ngati tiyi wopanda mkaka amene waiwalika pambaula. Mkazi wanga anayang'ana m'kandowamo nthawi yaitali.

"Bashi Mphatso, ivi ni vichani? Awe mwe. Valani. Ngati simufuna kuyenda, nizaitana bazimai ba ku tchalitchi bamunyamuleni monga saka ya malasha, komboni yonse ione."

Ndinavala. Njira zinali zitasefukira moti galimoto sikanalowa. Ba Mulenga anandikankha pa wilibala mpaka kumseu wa tala.

Ku kiliniki tinadikira pabenchi kuyambira cha m'ma eyiti mpaka cha m'ma leveni. Nesi amene anandiona anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anagwira ntchafu, anayang'ana kabotolo ka mkodzo kamene ndinabwera nako kuchokera kuseri.

"Motoka inamugwelani liti, ba Phiri?"

"Pa Sondo."

"Lelo ni pa Chinayi. Munali kuti masiku yonse aya?"

Analemba kalata yonditumiza ku chipatala chachikulu, ndipo sanalole kuti tikwere basi. Tinadikira ambulansi.

Kumeneko ananditenga magazi, anajambula mwendo, anandiika kapaipi kotulutsa mkodzo kolumikiza ku thumba lapulasitiki la mizere yoyezera, limene analipachika m'mbali mwa bedi. Chithunzi chinaonetsa kuti fupa lili bwino, ndipo ndinatsala pang'ono kunena kuti ndinanena ine. Masana ake dokotala, mayi wachitsikana wolankhula mosathamanga, anabwera ndi zotsatira za magazi. Anandifotokozera kuti mnofu ukapanidwa nthawi yaitali umaonongeka m'kati, ndipo zoipa zake zimalowa m'magazi n'kukatseka impso. Chimene chimatsuka zoipazo ndi madzi ambiri, oyamba tsiku lomwelo. Ine madziwo ndinawasiya. Mapilisi amene ndinkamwa nawonso ndi a mtundu umene umalemetsa impso zikakhala zatopa kale.

"Mukanabwera Lamlungu, mwina bwenzi titangokuikani madilipi masiku angapo," anatero. "Tsopano impso zanu zaima. Tiyesa kuzidzutsa. Sindikulonjezani kuti zidzuka."

Anandiika dilipi usiku ndi usana wa Lachisanu, koma thumba lija linangonyowa pansi pokha. Mapazi ndi nkhope zinatupa, kupuma kunayamba kuvuta. Loweruka anandiika kapaipi pamtsempha wa m'khosi n'kunditengera ku makina otsuka magazi. Umagona maola angapo ukuona magazi ako akutuluka, akuzungulira m'mapaipi, n'kubwerera. Ndakonda makina moyo wanga wonse, koma amenewa sindinafune ngakhale kudziwa mmene amagwirira ntchito. Ndinangotseka maso.

Kuyambira tsiku limenelo anandiletsa kumwa madzi ambiri, chifukwa analibe potulukira. Ankandiyezera kakapu kamodzi n'kulemba papepala. Madzi amene ndinawakana masiku atatu aja tsopano anayamba kundikana ine. Ndinkayang'ana mvula ikutsika pagalasi la zenera, lilime lili gwa.

Moyo wa mu wodi ndi kudikira. Kusanache kwenikweni manesi amabwera kudzayeza kutentha kwa thupi ndi kutenga magazi. Kenako phala. Kenako otsuka pansi, ndipo aliyense amakweza mapatapata ake pabedi. Cha m'ma naini madokotala amazungulira, amaima kumiyendo kwa bedi, amawerenga pepala, amayang'ana thumba asanayang'ane nkhope yako. Sindinawaimbe mlandu. Inenso ndinkayamba kuyang'ana komweko ndikangodzuka. Masana alendo amaloledwa kulowa, ndipo Bana Mphatso, amene anapempha tchuthi ku sukulu kumene amaphika chakudya cha ana, ankakhala woyamba pachitseko tsiku lililonse. Moni ankandipatsa atawerama kale pathumba paja.

Bedi loyandikana ndi langa linali la Ba Sakala, telala wachikulire wa ku Matero. Impso zawo zinatha ndi matenda a shuga, ndipo anali atakhala pa makinawo zaka zitatu. Ankadziwa mayina a manesi onse ndi ana awo. Tsiku lina atandiona ndikuyang'anitsitsa thumba louma, anati: "Mwana wanga, zako zagona chabe. Zanga zinafa kudala, kalekale. Osazikalipila, zizauka pa nthawi yake." Ndi iwo anandiphunzitsa kuvumata kamadzi m'kamwa nthawi yaitali ndisanameze, kuti ludzu linyengeke.

Ananditsuka magazi kachiwiri, kenako kachitatu. Dokotala anandiuza mosabisa kuti zikapitirira choncho kwa masabata angapo, tiyamba kukambirana za moyo wa pa makina, kawiri kapena katatu pa sabata, mpaka kalekale. Ndinaganiza za Mphatso, amene chaka chimenecho anali atangoyamba sukulu. Ndinaganiza za mkazi wanga akukankha moyo wa anthu atatu yekha. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ndinali nditaika zonsezi pamwamba pa mabuloko awiri ogona cham'mbali.

Ba Sakala anamwalira Lachitatu la sabata yachiwiri, masana, alendo atangotuluka. Manesi anakoka makatani, ndipo atawatsegula bedi linali litayalulidwa. Magalasi awo anatsala pa kabati mpaka mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga madzulo. Tsiku limenelo mu wodi simunamveke wailesi ya pa foni ya munthu aliyense.

Lamlungu lotsatira, tsiku la khumi ndi limodzi chigonekedwereni, Bana Mphatso anawerama monga mwa nthawi zonse, koma sanadzuke msanga. Anakweza thumbalo n'kuliyang'anitsa kuwala kwa pazenera. Munali madzi ofika pamzere wachiwiri, odera ndithu, koma madzi. Anapita kukaitana nesi, ndipo nesiyo anayeza, analemba, n'kunena kuti, "Ba Phiri, mwayamba ntchito." Mawa lake madziwo anafika pakati pa thumba. Patapita masiku atatu ankalikhuthula kangapo pa tsiku, ndipo anandibwezera dilipi kuti thupi lisaume. Ku makina sindinabwererenso.

Ndinatuluka nditagona masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Mwendo unali utaonda, ndipo ndinayenda ndi ndodo miyezi iwiri, ndikupita ku chipatala sabata iliyonse kukauphunzitsanso kupinda. Lero ndimayenda ndekha. Pantchafupo panatsala dzenje lolowa chikhatho, ndipo m'nyengo yozizira ndimatsimphina pang'ono. Mapilisi a ululu sindimwa popanda kufunsa a chipatala. Galimoto ndinabwerera kuiyendetsa, ndipo ikafuna kukonzedwa ndimaikhazika pa masitandi enieni, pamalo olimba, matayala otsala nditawatsekera ndi matabwa, tayala lomasula nditaligoneka kunsi. Ndimaigwedeza kaye ndi mphamvu ndisanalowetse ngakhale chala, ndipo sindigwira ntchitoyo pakhomo popanda munthu.

Kwa amene mukuwerenga, makamaka inu anzanga okonza magalimoto pabwalo: chinthu cholemera chikakupanani, pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale mwaimirira, ngakhale magazi sanatuluke. Musadikire Lachinayi. Mukodzere m'chinthu choyera kuti muone mtundu wake, ndipo ukada kapena ukachepa, thamangani. Musadzimane madzi chifukwa chakuti chimbudzi chili kutali. Manyazi a kandowa ndi ochepa.

Anthu amandifunsa kuti matendawa anandidyera zingati. Zoona zake n'zakuti katunduyo anasenza ndi ena: inshuwaransi ya kuntchito kwa mkazi wanga, abale ake a ku Kitwe, ndi amayi a kutchalitchi amene ankasinthana kuphika. Ine ndinkangogona. Patapita miyezi itatu ndinapita ndekha kukayezedwa komaliza, ndipo dokotala anawerenga pepala n'kunena kuti impso zabwerera pafupifupi m'malo mwake. Ndinatuluka, ndinamwa botolo lonse la madzi limene ndinanyamula, n'kukwera basi. Pofika pa siteshoni ya m'tauni ndinali nditapanikizika kwambiri. Ndinaima pamzere wa chimbudzi cholipira pamodzi ndi makondakitala ndi amayi a malonda, onse akung'ung'udza kuti mtengo wakwera. Ine ndekha sindinadandaule. Ndinapisa m'thumba langa, ndinapereka makwacha atatu, ndipo ndinalowa mwaulemu ngati munthu wolowa m'kachisi.