Azamba a Mbuzi

Pafamu paja aliyense ankawaitana kuti Azamba, ngakhale sanabereketsepo munthu. Ntchito yawo inali ya mbuzi. Anaiyamba ali mtsikana, imvi n'kuwapeza ali m'khola momwemo. Mbuzi ikavutika pobereka ankangopinda malaya, kulowetsa dzanja, kutembenuza kamwana, n'kukapukuta kukamwa ndi udzu. Magolovesi ankati ndi a anthu oopa kuda.

Chaka china mbuzi zinayamba kupoloza. M'mawa uliwonse Azamba ankapeza tiana takufa, n'kutitola pamodzi ndi zonse zotuluka nato kukataya kudzenje. Kenako wokama mkaka anagona, thupi lili moto, mutu ngati ukung'ambika. Kuchipatala anamuyeza malungo koma sanawapeze. Wotsatira anali woyendetsa thirakitala, chimunthu chosadziwa n'chimfine chomwe. Atabwerako kuchipatala ankapumira m'mwamba pongokwera masitepe a ofesi.

A zaumoyo anafika atatseka pakamwa ndi pamphuno, n'kutenga magazi a wantchito aliyense. Zotsatira zitatuluka, dokotala anawasonkhanitsa onse mu shedi yosungira zakudya za ziweto.

"Matendawa amatchedwa Q fever," anatero.

"Chilembo chimodzi chokha? Mayina anatha?" anafunsa mlonda. Anthu anaseka, koma kuseka kwa pamano.

"Ambiri a inu munawatengapo kale osadziwa, ndipo si zachilendo kwa ogwira ziweto. Kachilombo kake kamachuluka m'zotuluka pobereka. Zikauma kamauluka ndi fumbi, inu n'kupuma. Ena samva kanthu. Koma wa vuto la mtima ndi mayi woyembekezera, amenewo tiwaone msanga."

Azamba anaganiza za kwawo. Kunyumba kunali mwana wawo wamkazi, ali ndi pakati, ndipo mimba ziwiri zoyamba zinapita padera. Iyeyo ndi amene ankakung'untha ovolosi ya amayi ake pakhonde tsiku lililonse asanaiviike.

Anachoka osatsanzika. Anampeza mwanayo akusita, thukuta lili kamukamu.

"Thupi likutentha?"

"Ndi simbiyi, amayi. Mwatani kodi?"

"Isiye. Tiye kuchipatala."

"Panopa? Amuna anga asanabwere?"

"Akatipeza komweko."

Magazi anaonetsa kuti wawatengadi. Anampatsa mapiritsi omwa miyezi ingapo, koma dokotala sanalonjeze kanthu.

Kuyambira pamenepo ovolosi sinafikenso pakhomo. Azamba ankasamba kufamu, kusambanso kunyumba, mpaka khungu linayamba kusweka. Chakudya sichinkatsika. Mwanayo akangokhala chete pampando, iwo anali atafika kale.

"Wam'mimbayo akusuntha?"

"Amayi, mwandifunsa posachedwapa."

"Ndayiwala. Akusuntha?"

Mkamwini wawo, munthu wanthabwala, anasiya kuseka nawo. Sanawanene chilichonse, koma akalowa m'chipinda chochezera iye ankatsekula mawindo. Nthawi yomweyo kunamveka kuti woyendetsa thirakitala wagonekedwanso, matenda afika kumtima. Azamba nkhaniyo anaibisa kunyumba.

Zowawa za pobereka zinayamba mwezi usanakwane. Panjira ya kuchipatala Azamba, amene manja awo anatulutsa ana a mbuzi osawerengeka, analephera ngakhale kumanga chikwama cha zovala. Anakhala pabenchi panja pa chipinda chochirira, mkamwini ali kumapeto kwina kwa benchi lomwelo, onse akuyang'ana chitseko.

Anabadwa mtsikana, wochepa ngati botolo, koma wa mawu akuthwa. Namwino atamutulutsa, Azamba anabweza manja kumbuyo.

"Agogo, landirani. Simumupatsira kanthu."

"Mukunena zoona?"

"Amayi, mulandireni," anatero mkamwini.

Anamulandira atapotolera nkhope kumbali kuti asamupumire.

Kufamu anabwerera ndithu, poti ntchito ina saidziwa. Koma mdzukuluyo tsopano akuyenda, ndipo sanaonepo mbuzi pafupi. Akangotentha thupi, ngakhale ndi mano chabe, agogo ake amakhala atamubereka kale kumbuyo, ali pamsewu wa kuchipatala.