Kadontho kofiira pa ampulifaya

Mwaswera bwanji nonse.

Lero m'mawa ndikuperekeza Taonga kusukulu, ampulifaya ya m'galimoto yangozima tili pamsewu wa Kafue. Ndi ija malemu mkazi wanga Chisomo anandigulira asanadwale. Mukukumbukira kuti ine ndinkafuna yotchipa ya pamsika wa Chawama, kumene amatsitsa mtengo mpaka theka koma ikafa sakudziwanso. Iye anakana, n'kukagula yodula ya galanti ku Kamwala.

Ndapita nayo kushopuko. Eni ake, ba Zulu, ayiyesa ili m'galimoto momwemo n'kuseka. "Ba tate ba Taonga, madamu banu benze na nzeru. Galanti ikalipo. Siyani iyi, mutenge yanyowani."

Ndikuwapatsira m'pamene ndaona kadontho kofiira pambali pa kabatani ka besi. Chisomo anadontheza utoto wake wa m'zikhadabo kuti pokweza ndisamapitirire pamenepo mwana akakhala m'galimoto. Ampulifayayo imakhala pansi pa mpando, ndiye ndinali nditaiwala. Ndabweza dzanja.

Ndafunsa ngati angangoikonza. Akuti ayi, yakufayo amaibweza kumene amaoda katundu. Wokonza mawailesi kuno ku Chawama akuti akhoza kuitsegula motchipa, koma akangong'amba kapepala komatira, galanti yathera pomwepo, ndipo sakulonjeza kuti ilira.

Ndabwera nayo kunyumba, ili patebulo. Ba Zulu andidikira mpaka Loweruka. Taonga wafunsa kale kuti nyimbo za amayi ake zibwerera liti.

Amalume, alamu, mukuona bwanji? Ndimutengere mwana yolira, kapena ndisunge ya kadonthoyi?