Mphini Zanga pa Tsamba la Buku Lawo

Azakhali anga, amene anandisiyira unamkungwi, anandichenjeza titangowoloka mtsinje wa Ruo: "Mwanawe, mzungu wa chikoti umamuonera patali. Uzimuopa wofunsa mofatsa uja." Ndinaiwala mawuwa kamodzi kokha.

Anandigwira Lachiwiri m'mawa, mu Januwale, ndikuthyola tiyi. Anali mesenjala wa boma ndi asilikali awiri. Dzina sanafunse. Mesenjala anatsegula buku, nayang'ana tsamba, nayang'ana nkhope yanga.

"Ndi yemweyu. Tula dengu, iwe."

Zaka ziwiri m'mbuyomo kunabwera mzungu wolemba miyambo, ndi kalaliki womasulira. Ankakhala pansi ngati ife. Anafunsa za chinamwali, nyimbo zake, ndi chifukwa chake mwamuna salowa m'tsimba. Ndinati, mawu angawa akupita kuti? Anandifotokozera bwinobwino. Kwawo kuli buku la anthu ophunzira miyambo, lotuluka kanayi pachaka. Lili ndi mkonzi. Wolemba amatumiza mapepala kwa mkonziyo, mkonzi amapatsa akuluakulu awiri kuti awerenge, ndipo mayina a awiriwo amabisidwa, ngakhale wolembayo sawadziwa. Akavomera, amasindikiza.

"Dzina lanunso libisidwa, amayi," anatero kalaliki.

Ndinasangalala kumva kuti kuli anthu odziwa kubisa. Pakamwa panamasuka. Ndinanena kuti mwamuna salowa m'tsimba, inde, koma wothawa thangata, msana uli zilonda, timamulowetsa, chifukwa kapitawo ndi msilikali amaopa kupondamo. Ndinanena monyada.

Patapita miyezi isanu ndi itatu anabweranso ndi kalata ya mkonzi. Akuluakulu awiri aja sanakhutire. Wina ankafuna kudziwa dera lenileni. Wina anati wolemba asonyeze kuti mayiyo ndi Mlomwe weniweni, ajambule mphini zake. Ndinakhala padzuwa, iye akujambula chipumi changa ndi masaya. Dzina sanalembe. Pamenepo sananame.

Chimene sanandiuze n'chakuti bukulo limatumizidwa kwa aliyense wolembetsa, ndipo bwana wa pa boma analembetsa.

Ku boma anandifunsa masiku anayi. Bukulo linali pa tebulo, lotsegula. Ndinaona mphini zanga, zisanu kumanja, zisanu kumanzere, ndi imodzi yokhota imene azakhali anaphonya. Ngakhale iyo anaijambula. Womasulira wa pa boma anandiwerengera mawu anga omwe, atakonzedwa bwino, ndi manambala m'munsi mwake.

"Akazi opereka chakudya kwa othawawo ndi ayani?" anafunsa bwana.

Ndinati sindikumbuka.

"Agogo, tchulani awiri okha, mukagone kwanu," anandinong'oneza womasulirayo. Iyenso ankafunsa mofatsa.

Mmodzi mwa akaziwo anali mwana wanga, ali ndi khanda kumsana. Ndinati sindikumbuka.

Tsiku lachitatu anandipereka kwa sajeni. Anati, "Kwa mzungu unaimba, Mnguru iwe. Kwa ine uimbanso." Zimene zinachitika m'chipinda chija sindilemba. Khutu langa lakumanzere silimva, ndipo dengu sindithanso kulisenza.

Anandisunga mpaka Juni. Tinali akazi asanu ndi mmodzi m'chipinda cha anthu awiri, ndi ndowa imodzi. Tinkaswa miyala ya msewu. Mu Malichi mnzanga wina anadwala kamwazi. Anamutulutsa Loweruka atafa, bulangeti lake n'kupatsa ine. Ndinafunda. Msilikali wina ankati akandiona, "Mayi wa m'buku, Mangalande yense akukudziwa, koma nyemba ndi zomwezi."

Anandimasula popanda mlandu, popanda mawu. Ndinayenda masiku awiri kukafika kwathu ku Thekerani. Matsimba atatu anali phulusa. Amuna awiri anawapeza m'katimo, anawabwezera ku esiteti atawamanga. Sindinatchule munthu, koma malo ndinali nditatchula kale, padzuwa paja, mosakakamizidwa. Akazi amene ndinawavinira sandipatsa moni kuchitsime. Mwana wanga anasamukira ku Goliati, ndipo ndinamuuza ndekha kuti asamabwere. Akuti ndili mfulu. Ufulu wake ndi wakuti chitseko ndimatseka ndekha.

Kulemba ndinaphunzira ku mishoni ndili kale ndi imvi. Ndinafunsa aphunzitsi ngati tsamba lija lingachotsedwe. Anati ayi, mabukuwo amawasokera pamodzi chaka chikatha, n'kuwaika m'mashelefu, ndipo sawola. Mkonzi amalola kalata yokonza cholakwa, koma ine ndikonza chiyani? Zonse analemba zoona. Akuluakulu awiri aja mpaka lero palibe akuwadziwa. Amenewo ndiwo anabisidwa.

Sabata yatha kalaliki uja anaima pakhomo panga, chipewa kumanja. Akuti nkhaniyo inakondedwa kwambiri, mkonzi akufuna gawo lachiwiri, ndipo mzungu afika mvula ikayamba. Ndinamuyankha chitseko chili chotseka. Dzulo ndinaona mesenjala akufunsa njira kwa oyandikana nawo.

Ndikakana, boma liti ndikubisa zina. Ndikayankha, mukudziwa kale.

Inu amene kope ili lakufikani, sindikudziwani, ndipo sindikukhulupirirani. Koma ndilibe wina. Mukamadutsa njira ya kumsika, nyumba yanga ndi yomaliza, ya mtengo wa mapeyala. Musalowe, musandifunse kanthu. Mungoyang'ana ngati pabwalo pasesedwa. Mukapeza masamba a masiku awiri, kauzeni mwana wanga asadikire, awoloke Ruo.